Ulendo wa pa Njinga ku Malo a Mbiri Yakale Monga Gwero la Phunziro la Cinyanja

Pa nthawi yanu yoyesera kuphunzitsa mudzakumana ndi vuto limene aphunzitsi onse a Cinyanja alidziwa. Mudzalemba pa bolodi mutu wakuti "Ulendo Umene Ndinayenda," ndipo ana 50 adzakubwezerani nkhani imodzi: anadzuka m'mamawa, anasamba, anakwera basi, anafika bwino, anakondwera kwambiri. Musafulumire kuwanena kuti ndi aulesi. Mwana salemba cimene sanacione, ndipo kawirikawiri saona cimene palibe anamuphunzitsa kuciyang'anitsitsa. M'mutu uno tiona m'mene njira za njinga zozungulira sukulu yanu, pamodzi ndi malo akale amene ali m'mbali mwa njirazo, zingakupatsireni mau, nkhani ndi mafunso a temu yathunthu. Zitsanzo tazitenga ku Chipata, Katete ndi Chadiza, koma njira yake ndi imodzi kuli konse kumene mudzatumizidwa.

Cifukwa ninji njinga? Wokwera basi aona dziko likungothawa pa zenera, ndipo woyenda pansi safika kutali. Wochova njinga amva cikweza m'miyendo mwake, atsika pa mcenga, aima kupatsa moni, ndipo afunsa dzina la kamtsinje kamene wangooloka. Ndiponso Kum'mawa kuno njinga si cinthu cacilendo kwa mwana. Amaiona itanyamula makala, cimanga, mbuzi, ngakhale wodwala wopita ku cipatala. Agogo ake akumbukira njinga za Eagle zimene kale zinali kupangidwa ku fakitale ya Luangwa Industries mu Chipata momwemo.

Yambani mwayenda inu

Lamulo loyamba ndi ili: musaphunzitse za malo amene ali pafupi ndi sukulu yanu inu musanapondeko. Ndinaonererapo phunziro la wophunzira wina amene anafotokoza za zojambula za m'phanga kucokera m'buku, osadziwa kuti theka la kalasi limadyetsa ng'ombe patsinde pa phiri lomwelo. Ana anakhala cete mwaulemu, koma anali atamuyeza kale.

Sankhani Loweruka la pakati pa Meyi ndi Ogasiti, pamene mvula yatha, madambo auma, ndipo kutentha kwa Okutobala sikunafike. Onani mabuleki, cheni ndi matayala musananyamuke. Tengani pampu, zigamba, sipanala, madzi akumwa, buku lolembamo ndi pensulo. Munthu wochova modekha pa tala ayenda makilomita 12 kufikira 15 pa ola, ndipo pa mseu wafumbi ayenda ocepera apo. Werengerani nthawi yanu motero kuti dzuwa lisakulowereni m'njira.

Njira zitatu zocokera ku Chipata

Mzinda wa Chipata uli pakati pa mapiri, ndipo dzina lake lomwe ndi phunziro: cipata ndi polowera. Kale unali kuchedwa Fort Jameson, potengera dzina la Leander Starr Jameson, ndipo unali likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911, pamene dzikolo linaphatikizidwa ndi North-Western Rhodesia. Dzina lakuti Chipata linabwera dziko litalandira kale ufulu wa 1964.

Njira yoyamba ndi ya ku Magwero, ulendo wopita ndi kubwerako tsiku limodzi. Kumeneko amishoni a Dutch Reformed Church anamanga malo ao oyamba m'dziko muno mu 1899, ndipo mpingo wa Reformed Church in Zambia uwerenga ciyambi cake kucokera pomwepo. Nchito yophunzitsa ana osaona inayambanso ku Magwero mu 1905, ndipo pambuyo pake kunabwera sukulu ya ana osamva. Taonani dzinalo: magwero ndi pocokera madzi, kapena poyambira cinthu.

Njira yaciwiri itsata Great East Road kulowera kumadzulo. Mudzapitirira Madzimoyo, mishoni ya mu 1903, ndi kufika ku Mtenguleni kumene Angoni a Mpezeni acitira Nc'wala kumapeto kwa Febuluwale. Katete ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 90 kucokera ku Chipata, ndiye kuti maora 6 kapena 7 pa cishalo; konzani pogona. Pafupi ndi Katete pali Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi, kumene Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana ku Kulamba kumapeto kwa Ogasiti. Mseu umenewu ndi wabwino kuchovamo, koma ndiwo woopsa koposa yonse kaamba ka malole akuluakulu opita ku malire a Mwami ndi a Chanida. Yendani kumanzere, kumphepete kwenikweni. Njira imeneyi ndi yanu nokha, ana musawatengeremo.

Njira yacitatu, imene ine ndiikonda, ilowera kumwera ku dziko la Mpezeni. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 pali malo a Fort Young, linga la azungu a North Charterland Exploration Company amene anadza kudzafuna golide. Musayembekezere kuona cinyumba cacikulu. Malo otere salankhula okha, ndipo mphunzitsi wosadziwa mbiri yake adzangoona chire ndi kubwerera wokhumudwa. Koma kuno ndiko kunayambira nkhondo ya mu Januwale 1898, pamene asilikali a Britain ocokera ku dziko limene lero ndi Malawi anagonjetsa Angoni ndi mfuti zazikulu, natentha midzi, nalanda ng'ombe zambirimbiri. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera ankhondo, anaomberedwa mu Febuluwale caka comweco. Nc'wala inaleka kucitika pambuyo pa nkhondoyo, ndipo inadzayambanso mu 1980. Ku Feni kuli nyumba yosungiramo zakale yochedwa ndi dzina la Nsingo. Mukafika m'midzi imeneyi khalani pansi ndi akuluakulu. Cimene mudzamva kwa iwo sicidzafanana m'zonse ndi ca m'buku, ndipo kusiyanako musakutaye: kulembeni, pakuti ndiko kudzautsa mtsutso wabwino m'kalasi.

Mvetserani maina a midzi pamene muchova: Mtenguleni, Luangeni, Ephendukeni. Kutha kwa maina amenewa ndi -eni kucokera ku Cingoni, cimene cionetsa malo ndi kaphatikizo ka kumapeto kwa liu, pamene Cinyanja ciika pa, ku kapena mu kutsogolo. Angoni anaoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa, ndipo ngakhale adzukulu ao ambiri kuno salankhulanso Cingoni, maina a malo acisungabe. Ana a Giredi 5 ndi 6 akondwera kwambiri kutulukira zotere okha.

Zojambula za m'mapanga

Dera lino lili ndi mapanga ambiri a zojambula zakale: Thandwe ndi Mkoma ku mbali ya Chipata ndi Katete, Makwe ku Katete, ndi Kalemba ku Chadiza. Pa Kalemba, katswiri wofukula zakale David Phillipson anakumba mu 1971, ndipo kunapezeka kuti anthu anali kukhala m'phangamo zaka zopitirira 30,000 zapitazo. Njinga sifika pakhomo pa phanga. Mudzaisiya m'mudzi ndi kukwera phiri pansi, ndipo ici ndi cabwino, pakuti cikukakamizani kuyamba mwaonekera kwa mfumu ya mudzi ndi kupempha munthu wokuperekezani.

Zojambulazo zili mitundu iwiri. Zofiira, za mizere ndi zozungulira, ndizo zakale koposa, ndipo anthu amati ndi za Akafula, osaka nyama amene Acewa anawapeza m'dziko muno. Zoyera ndi za Acewa, ndipo zambiri za izo zikhudza cinamwali ndi Nyau. Apa mpofunika nzeru. Mphunzitsi amene aimika mwana pamaso pa anzake ndi kumufunsa tanthauzo la cojambula coyera akhoza kumuika pakati pa kunyoza mphunzitsi ndi kuulula za kudambwe kapena za kutsimba. Mwanayo adzakhala cete, makolo adzamva madzulo omwewo, ndipo inu mudzavutika kupezanso cilolezo ca ulendo wina uli wonse. Funsani ana cimene aciona: mtundu wake, ukulu wake, ciwerengero ca madontho, kumene cayang'ana. Tanthauzo lisiyireni eni ake. Pa phunziro la Cinyanja simutaya kanthu, pakuti kufotokoza bwino cinthu cooneka ndilo luso limene mufuna kuphunzitsa.

Malo amenewa atetezedwa ndi lamulo pansi pa National Heritage Conservation Commission. Ana asakhudze zojambula, asazithire madzi kuti zioneke bwino, asasonkhe moto m'phanga, ndipo asalembe maina ao ndi makala kapena coko.

Kubweretsa ulendo m'kalasi

Mukabwerako jambulani njira yanu pa bolodi monga mzere umodzi wokhotakhota, ndipo ikanipo mphambano, ulalo, dambo, cikweza, mtsetse, msika ndi phanga. Fotokozani ulendowo pakamwa, cala canu cikutsata mzere. Pamenepo ana aona ndi maso kuti nkhani ili ndi poyambira, podzera ndi pothera, ndipo mau olumikiza monga poyamba, titaoloka, tisanafike, pambuyo pake ndi potsiriza apeza malo ao popanda kuloweza lamulo. Musabise zovuta. Tayala limene linaponcha pa ulalo ndilo lidzawagwira mtima koposa caka cimene mishoni inamangidwa.

Bweretsani njinga yeniyeni m'kalasi. Ana achule ziwalo zake, ndipo inu mulembe monga achulira: cishalo, cheni, cubu, sipoko, kaliyala, belu. Mau obwereka musawathamangitse. Afunseni ana kuti zocuruka zake nzotani, ndipo aone kuti tayala likhala matayala, koma cheni ikhala macheni. Aneni nawonso ngocuruka: kuchova, kupopa, kumata, kukankha, kutsetsereka, kukhota.

Ulendo wa ana eni ake ukhale waufupi, wa pa njira za m'midzi, ku malo amodzi okha: manda a mfumu ngati eni alola, cisi ca mudzi wakale, chalichi coyamba, kapena phanga lapafupi. Pezani cilolezo ca mphunzitsi wamkulu, ca makolo ndi ca mfumu. Popeza si ana onse ali ndi njinga, ndipo kukwezana awiriawiri pa mtsetse kumabala ngozi, kawirikawiri ndi bwino kuti kalasi liyende pansi, njinga ziwiri kapena zitatu za akuluakulu zinyamule madzi ndi kukhala zokonzekera mwana amene angadwale. Gawani nchito asananyamuke: ena alembe maina a malo, ena mau acilendo, ena afunse mkulu wowaperekeza mafunso atatu amene munakonzera pamodzi m'kalasi. Tsiku lotsatira ayambe afotokozerana pakamwa m'magulu, ndipo pokhapo alembe. Pocongera, mphatso ya mamalikisi ipite kwa mwana amene walemba cinthu cimodzi cimene mnzake sanacione.

Zocita

Tengani mapu a boma limene mudzayeserako kuphunzitsa. Sankhani njira ya njinga yosapitirira makilomita 30 kupita ndi kubwera, imene ili ndi malo amodzi a mbiri yakale. Iyendeni, ijambuleni, ndipo lembani maina 10 a malo amene mwadutsa pamodzi ndi cimene eni dera akuuzani za maina atatu mwa iwo. Konzani phunziro la mphindi 40 la kulankhula ndi kumvetsera la Giredi 5 kucokera pa ulendowo, ndipo onetsani m'cikonzero canu funso limodzi limene mwasankha kusawafunsa ana, ndi cifukwa cake.