Phunziro 17: Mabuku Atatu a Koperativa

Anzathu, chimanga chalowa m'nkhokwe, ogula ayamba kufika. Ino ndiyo nyengo imene anthu a m'koperativa amayambana. Wina amati, "Tinagulitsa matumba 20." Wina amati, "Ayi, anali 25." Onse amalumbira. Mutu umaiwala, ndipo nthawi zina umaiwala dala. N'chifukwa chake timalemba.

Kulemba kumayambira pa lisiti. Pa lisiti timaika tsiku, chinthu, kuchuluka kwake, mtengo ndi dzina la wolandira. Amene sanadziwebe kulemba dzina lake adinde chala. Malisiti timalemba awiri, lina la wogula, lina lotsala ndi ife. Otsalawo tisawaike m'thumba la malaya. Tiwabaye pa waya motsatana masiku, tiwapachike pamene chiswe ndi makoswe sizifika.

Zimene zili pa lisiti zimalowa m'mabuku atatu. Buku la nkhokwe limanena katundu wolowa ndi wotuluka. Buku la ndalama limakhala ndi msungichuma. Buku la ngongole limakhala ndi mlembi, ndipo limanena amene tikuwafunsa ndalama ndi amene akutifunsa ife. Munthu mmodzi asagwire mabuku onse atatu, ngakhale akhale malume athu.

Tiyerekeze kuti tagulitsa matumba 20, thumba limodzi mametikali 1,000. Onse pamodzi ndi 20,000. Wogula wapereka 15,000, wati zotsala adzabweretsa mwezi wamawa. Woyang'anira nkhokwe alembe: matumba 20 atuluka. Msungichuma alembe: 15,000 alowa. Mlembi alembe dzina la wogula ndi 5,000 a ngongole. Tsopano tiphatikize 15,000 ndi 5,000. Tapeza 20,000, mtengo wa matumba aja. Mabuku agwirizana.

Taonani apa. Chinthu chilichonse chili ndi kochokera ndi kopita, ndipo timalemba mbali zonse ziwiri. Wina akalakwitsa, kapena akatapa, mabuku amakana kugwirizana, ndipo timabwerera ku waya wa malisiti kukafufuza. Njira imeneyi si ya dzulo. Amalonda a ku Venice ankaigwiritsa ntchito, ndipo Luca Pacioli anaifotokoza m'buku lake m'chaka cha 1494. Makampani akuluakulu akuitsatabe lero.

Nanga 15,000 ali m'bokosi aja tigawane? Dikirani kaye. Tsegulani buku la ngongole. Tinene kuti tinatenga feteleza wa 12,000 pa ngongole nthawi yobzala. Tikabweza, m'bokosi mutsala 3,000 basi. Ndalama za m'bokosi si phindu ayi. Phindu timalidziwa tikachotsa zonse zimene tinawononga: mbewu, feteleza, matumba, mankhwala a anankafumbwe, ngolo yotuta. Koperativa imene imagawana isanachotse izi imafika mwezi wa Novembala ilibe mbewu.

Polemba tsiku tisaiwale chaka. Metikali inalowa m'malo mwa escudo mu 1980. Mu 2006 mametikali akale 1,000 anasanduka metikali imodzi yatsopano. Tikapeza buku lakale lopanda chaka, lolembedwa 1,000,000, tidziwa bwanji ngati ndi chuma chambiri kapena 1,000 chabe?

Masiku ano ogula ena amalipira pa foni, kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola. Uthenga umene umafika pa foni ndi lisiti lomwe. Msungichuma aukopere m'buku tsiku lomwelo, chifukwa foni imatayika, imabedwa, imagwera m'madzi. Ndipo ndalama za koperativa zisasakanikirane ndi za kunyumba kwake. Kompyuta ya mu ofesi nayonso imatsata njira yomweyi: imalandira za pa lisiti, imasunga, imaphatikiza, n'kutulutsa chiwerengero. Imachita msanga, koma mukaipatsa 25 m'malo mwa 20, imakubwezerani bodza lomwelo.

Pakutha pa mwezi tisankhe anthu awiri osagwira mabuku. Awerenge matumba m'nkhokwe ndi ndalama za m'bokosi, ayerekeze ndi zolembedwa. Kenako mlembi awerenge mabuku mokweza pa msonkhano, pang'onopang'ono, kuti amayi ndi abambo onse amve ndi kufunsa.

Ntchito ya lero: M'nkhokwe munali matumba 60. Tagulitsa 20, ndipo 4 tabwereka mnzathu amene nyumba yake inapsa. Mwatsala matumba angati? Matumba 4 aja tilembe m'mabuku ati? Lembani m'makope anu, kenako muonetsane awiriawiri.