Kuyesa Kukumbukira kwa Ana a Zinenero Zitatu ku Migodi ya ku Bindura

Kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, amuna ambiri ochokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia ankapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Bindura ndi ku Shamva, ndipo ambiri a iwo sanabwererenso kwao. Mdzukulu wao wokulira m'komboni ya pafupi ndi mgodi wa Trojan kapena wa Freda Rebecca amamva Chicheŵa kwa agogo ake, amaseŵera m'Chishona, nalemba mayeso m'Chingerezi. Malamulo aakulu a Zimbabwe a chaka cha 2013 anaika Chicheŵa m'gulu la zinenero 16 zovomerezeka. Nkhani ino ikufotokoza vuto limene wofufuza amakumana nalo poyesa kukumbukira ndi kutchera khutu kwa mwana wotere.

Muyeso wodziŵika kwambiri ndi wa manambala. Woyesa amatchula manambala angapo motsatizana, ndipo mwana amabwereza monga momwe wamvera. Mu 1956 George Miller analemba kuti munthu wamkulu amasunga m'mutu zinthu pafupifupi 7 pa nthaŵi imodzi. Koma mu 1975 Alan Baddeley ndi anzake anaonetsa kuti kutalika kwa mau kumasintha chiŵerengerochi: munthu amasunga mau okhao amene angathe kutchula m'masekondi pafupifupi aŵiri. Mu 1980 Ellis ndi Hennelly anapeza kuti anthu olankhula Chiwelshi ndi Chingerezi amakumbukira manambala ochepa m'Chiwelshi, chifukwa maina a manambala m'chinenerocho amatenga nthaŵi powatchula.

M'Chicheŵa vutoli n'lalikulu koposa. Nambala 7 m'Chishona ndi nomwe, mau a maphatikizo aŵiri. M'Chingerezi chotchulidwa mwachicheŵa ndi seveni, maphatikizo atatu. M'Chicheŵa chenicheni ndi zisanu ndi ziŵiri, maphatikizo 7. Choncho mwana woyesedwa m'Chicheŵa amasenza katundu wolemera kuposa mnzake woyesedwa m'Chishona, ngakhale manambala ali omwewo. Palinso vuto lachiŵiri. Mwana akamva kuti zisanu ndi ziŵiri sangadziŵe ngati wapatsidwa nambala imodzi, 7, kapena ziŵiri, 5 ndi 2. Wofufuza womasulira muyesowu liu ndi liu adzakhala akuyesa kapangidwe ka chinenero, namaganiza kuti akuyesa mutu wa mwana.

Pali njira zitatu zothandiza. Choyamba, wofufuza afunse makolo ndi mwana yemwe kuti chinenero chilichonse amachigwiritsa ntchito pa chiyani, pakuti mwana wolankhula Chicheŵa pakhomo kaŵirikaŵiri amaŵerenga ndalama m'Chingerezi. Chachiŵiri, m'malo mwa manambala asankhe maina a zinthu zozoloŵereka okhala ndi maphatikizo ofanana m'zinenero zonse ziŵiri, monga mbuzi ndi mbudzi, moto ndi moto, madzi ndi mvura. Apa achenjere ndi mau ofanana kamvekedwe koma osiyana tanthauzo: mvura ya Chishona ndi madzi komanso mvula. Chachitatu, ayese ndi wotchi liŵiro limene mwana aliyense amatchulira mauwo, kuti podzaunika zotsatira alekanitse kufulumira kwa lilime ndi kukumbukira.

Poyesa kutchera khutu, phunziro likuchokera kwa Robert Serpell wa pa University of Zambia. Mu 1979 iye anaonetsa kuti ana a ku Zambia anaposa ana a ku England potsanzira zithunzi ndi waya, pamene a ku England anapambana pojambula pa pepala. Mwana amaonetsa luso lake pa ntchito imene anaizoloŵera. Pakati pa Acheŵa a ku Katete, Serpell anapezanso kuti akuluakulu amaona nzeru za mwana pa kutumika kwake. Motero ku Bindura mwana angatumidwe ndi uthenga wa mfundo zingapo kwa munthu wina wa m'komboni, wofufuza naŵerenga mfundo zimene zafika. Nthano nayonso ndi chida, chifukwa omvera amavomera kuti tilitonse m'Chicheŵa, kapena dzepfunde m'Chishona. Wofufuza angaŵerenge malo amene mwana waphonya kuvomera. Komabe mwana angathe kuvomera mwachizoloŵezi maganizo ali kwina, nchifukwa chake afunsidwenso za nthanoyo ikatha.

Zotsatira za kafukufuku sizithera m'mabuku a akatswiri. Zimafika kwa aphunzitsi ndi kwa okonza maphunziro. Muyeso wosasamala chinenero ungalembe mwana wa m'komboni kuti ndi woiŵalaiŵala, mphunzitsi namuika kumbuyo kwa kalasi, pamene cholakwa chinali maphatikizo 7 a nambala imodzi. Katswiri wa chinenero ayenera kukhala m'gulu lokonza muyeso kuyambira tsiku loyamba, mwana woyamba asanayesedwe.