Magetsi, Mitengo ndi Mpunga wa ku Limphasa

Nkhani ya magetsi ikabuka pamisonkhano ya chitukuko m'madera ozungulira Limphasa, anthu amasiyana maganizo. Ena amati mudzi udikire mawaya a ESCOM, ena amati sola ndi yokwanira, pamene ena amati palibe chodandaulitsa bola nkhuni zilipo. Phunziro lino likupereka mfundo zothandiza mudzi kusankha mwanzeru ndi kufikitsa pempho lake kukhonsolo.

Kumene magetsi amachokera

Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa ndi madzi a mtsinje wa Shire pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Kumpoto kuli malo aang'ono a Wovwe m'boma la Karonga. Kuyambira mu 2017, kampani ya EGENCO ndiyo imayendetsa malo amenewa, ndipo ESCOM imagula magetsiwo n'kuwagawa kwa anthu.

Kudalira mtsinje umodzi kuli ndi kuipa kwake. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi adakhala akuzimazima kwa miyezi yambiri. N'chifukwa chake boma likulimbikitsanso mphamvu ya dzuwa, monga malo a ku Salima opanga mamegawati 60 omwe adatsekulidwa mu 2021.

Sola kapena mawaya?

Funso loyamba lisakhale lakuti magetsi abwino ndi ati, koma lakuti magetsiwo adzagwira ntchito yanji. Sola yaing'ono ya panyumba imakwanira kuunikira, kutchaja foni ndi kuliza wailesi, ndipo mwana wa sukulu amawerenga usiku popanda utsi wa koloboyi. Koma chigayo cha mpunga, makina owotcherera zitsulo ndi mafiriji akuluakulu osungira nsomba zimafuna mphamvu yochuluka, yomwe imapezeka pa mawaya a ESCOM kapena pa sola yaikulu yodyetsa mudzi wonse. Mlimi amene chigayo chili pafupi amagulitsa mpunga wopuntha pamtengo wabwino, kusiyana ndi amene amaupereka wamakoko kwa mavenda.

Pulogalamu ya boma ya MAREP, yofikitsa magetsi kumidzi, imayambira pa malo ochitira malonda, sukulu ndi zipatala. Motero mudzi wotalikirana ndi malo oterowo uchita bwino kuyamba ndi sola pamene ukudikira.

Moto wa pamafuwa ndi madzi a m'sikimu

Magetsi akafika, vuto la nkhuni silithera pomwepo, pakuti mabanja ambiri amaphikirabe nkhuni ndi makala. Mitengo ikatha m'mapiri momwe mitsinje imayambira, mvula imakokolola nthaka, mchenga n'kudzaza ngalande za sikimu. Nthawi ya dzinja madzi amasefukira m'minda, ndipo chilimwe chikafika mtsinje umaphwa msanga, mpunga wachiwiri n'kufota. Thumba la makala logulitsidwa lero limalipiridwa mawa ndi mlimi wa kudambo.

Njira zochepetsera vutoli zilipo kale m'boma la Nkhata Bay. Mbaula ya Changu Changu Moto, yomwe bungwe la Ripple Africa la ku Mwaya limaphunzitsa, imamangidwa ndi njerwa ndi dothi ndipo imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu. Lamulo la nkhalango, lomwe lidakhwimitsidwa mu 2020, limaletsanso kuotcha makala popanda chilolezo.

Njira yofikitsira pempho

Lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidapereka mphamvu ku anthu. Pempho limayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi ya VDC, n'kupita ku komiti ya dera ya ADC, kenaka kukhonsolo, komwe khansala wa wodi amaliyankhulira. Pempho lomveka limatchula chiwerengero cha mabanja, sukulu, zipatala ndi mabizinesi omwe adzapindule, komanso mtunda wofika pa mawaya apafupi.

Komabe walira mvula walira matope. Mudzi wopempha magetsi ukhale wokonzeka kupereka malo odutsa mapolo, kulipira mayunitsi ndi kuteteza thiransifoma kwa akuba.

Mafunso okambirana pa VDC

1. Ndi ntchito ziti m'mudzi zomwe sola ingakwanitse, ndipo ndi ziti zofuna mawaya?
2. Ndi mabanja angati omwe ali ndi mbaula zosunga nkhuni?
3. Ndani akuyang'anira mitengo ya m'mbali mwa mtsinje wa Limphasa?