Makalata a Omvera: Kodi Foni Ingathandize Wodwala?

Kalata ya lero yachokera kwa mayi wina wa ku Ntcheu. Mayiwa akuti chipatala chili kutali ndi kwawo, ndiye akufuna kudziwa ngati n'zoona kuti munthu angafunse za matenda pa foni.

N'zoona ndithu. Chipatala Cha Pa Foni chinayambira m'boma la Balaka mu 2011, pomwe bungwe la VillageReach linagwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo. Poyamba chinkathandiza amayi oyembekezera ndi ana aang'ono okha, koma pano chinafalikira m'dziko lonse ndipo chili m'manja mwa boma. Woyimba salipira kanthu. Amamuyankha ndi azaumoyo ophunzira bwino, omwe amamvetsera vuto lake, kumulangiza za kadyedwe kapena za pakati, ndi kumuuza ngati akufunika kuthamangira kuchipatala.

Foni imagwiranso ntchito ina yomwe ambiri saiona. Alangizi a zaumoyo a m'midzi anayamba kutumiza uthenga wa SMS kudzera mu njira yotchedwa cStock, kudziwitsa chipatala kuti mankhwala a malungo kapena Thanzi ORS atsala pang'ono kutha. Kale nkhani yotere inkadikira munthu wopalasa njinga.

Koma apa m'pofunika kumvetsetsa. Foni siyeza magazi. Mwana akatentha thupi kwambiri, akamakomoka kapena kukana kuyamwa, si nthawi yodikira yankho la pa foni ayi.

Choncho mayi athu a ku Ntcheu, imbani ndithu mukakhala ndi funso, koma mwana akafooka muberekeni kumbuyo, ulendo wa kuchipatala tsiku lomwelo.