Windows ndi Linux mu laputopu imodzi: mmene ndinachitira ndi pomwe ndinapsa

Sabata yatha mayi wina anafunsa ngati angotaya laputopu yawo poti ikukana Windows 11. Mayi, musataye ayi. Yanganso inakana, koma mpaka lero ikugwira ntchito pa shopu kuno ku Johannesburg.

Nkhani yake ndi iyi. Microsoft inasiya kutumiza zotetezera za Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa amene analembetsa zoti awonjezeredwe chaka chimodzi. Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, ndiye malaputopu ambiri akale omwe timagula kwa anthu amakanidwa. Windows 10 imayakabe bwinobwino, koma kulowa nayo ku banki kapena kutumizira ndalama kumudzi kuli ngati kugona osakhoma chitseko. Ine sindikanatha kuichotsa, chifukwa pulogalamu yanga ya sitoko ndi kaprinta ka malisiti zimayenda pa Windows pokha. Ndiye ndinaika ziwiri, zomwe amazitcha dual boot: Windows ya malisiti, ndi Linux Mint ya banki, imelo ndi intaneti. Ukayatsa laputopu imakufunsa kuti ukufuna kulowa kuti. Linux Mint ndi yaulere, ndipo Mint 22 izilandirabe zotetezera mpaka 2029.

Musanakhudze chilichonse, koperani mafayilo anu onse pa hard drive yapadera kapena pa fulashi ina. Apa ndikuyankhula ngati munthu amene anapsa. Ulendo woyamba ndinachita usiku nditatseka shopu, ndili ndi tulo, ndipo ndinadina Erase disk ndikuganiza kuti ikunena za malo opanda kanthu. Inafufuta zonse. Munali buku langa la Excel la anthu otenga katundu pangongole, ndi mndandanda wa katundu wa makasitomala yemwe ndinali nditatumiza ku Lilongwe pa basi. Ena anabweza okha mwaulemu wawo, ena atamva kuti buku lapita anayamba kuiwala. Sindinganene kuti anandibera, poti umboni ndinaufufuta ndekha. Mukakopera, tsegulani mafayilo awiri atatu pa kompyuta ina kuti muone ngati akutsegukadi. Kungoona dzina la fayilo sikokwanira.

Chachiwiri chomwe anthu amagwa nacho ndi BitLocker. Malaputopu ena amabwera atakhomedwa mkati mwini wake osadziwa, ndipo mukasintha zinthu mu BIOS, Windows imafuna kiyi ya manambala 48. Kiyiyo nthawi zambiri imakhala mu akaunti ya Microsoft ya munthu amene anayamba kulowa mu laputopuyo. Ngati munagula kwa munthu ndipo akaunti ndi yake, mwaona vuto lake eti? Lembani BitLocker kapena Device encryption pa Start, ndipo ngati ndi yoyatsa, izimitseni n'kudikira mpaka imalize. Zimatha kutenga maola angapo.

Kenako zimitsani Fast Startup. Ili mu Control Panel, Power Options, pomwe alemba Choose what the power buttons do. Ikakhala yoyatsa Windows siimazima kwenikweni, imangogona, ndipo Linux imakana kulemba m'mafayilo a mbali ya Windows.

Tsopano kugawa malo. Dinani Start ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Disk Management, dinani C: chimodzimodzi, kenako Shrink Volume. Mint imatha kulowa pa 20GB koma imapanikizika msanga. Ine ndinaipatsa 60GB pa disiki ya 256GB, ndiye m'bokosimo ndinalemba 61440 poti imawerenga mu MB. Malowo asiyeni akuda choncho, olembedwa Unallocated. Musawafomate.

Tengani fulashi ya 8GB yopanda kanthu, chifukwa zonse zili momo zifufutika. Koperani Linux Mint pa webusaiti yawo yeniyeni. Ndi pafupifupi 3GB, ndiye pezani Wi-Fi, musathere bandulo. Ilembeni pa fulashi ndi Rufus kapena balenaEtcher. Zimitsani laputopu, lowetsani fulashi, yatsani uku mukudina batani la boot menu: pa HP ndi F9, pa Dell ndi Lenovo nthawi zambiri F12, pa Asus ndi Esc. Ngati fulashi ikuoneka kawiri, sankhani yomwe yayamba ndi UEFI.

Mint iyaka kuchokera pa fulashi isanalowe mu laputopu. Musathamangire kuika. Yesani Wi-Fi, mawu, kamera, tsegulani WhatsApp Web ndi tsamba la banki yanu pa Firefox. Tsegulaninso fayilo yanu ya Excel mu LibreOffice Calc muone ngati mawerengero ali bwino. Anga anatseguka onse, kungoti mitundu ina inasintha pang'ono. Ngati Mint sikuona disiki yanu n'komwe, kawirikawiri vuto limakhala Intel RST mu BIOS. Pamenepo imani, funsani wodziwa, chifukwa kungosintha kupita ku AHCI kumatha kulepheretsa Windows kuyaka.

Zonse zikakhala bwino dinani Install Linux Mint. Pomwe ikufunsa Installation type ndi pomwe ndinalirira paja. Sankhani Install Linux Mint alongside Windows Boot Manager. Werengani kawiri, ngakhale katatu. Ngati mawu akuti alongside sakuoneka, tulukani, musayesere zina. Ndipo chonde chaja ikhale pamoto, batire litadzaza, pa nthawi yoti magetsi sathima, poti malaputopu akalewa batire lake ndi la mphindi zochepa. Kwa ine zinatenga ngati theka la ola.

Ikamaliza chotsani fulashi n'kuyatsanso. Mudzaona mndandanda wakuda wotchedwa GRUB, Mint pamwamba, Windows pansi pake. Ikangolowa mu Windows osafunsa, pitani mu BIOS mukaike ubuntu pamwamba pa boot order. Musadabwe ndi dzinalo, Mint inamangidwa pa Ubuntu.

Kanthu kena kakang'ono koma kokhudza bizinesi: mukachoka ku Mint kubwerera ku Windows, wotchi imabwerera m'mbuyo ndi maola awiri. Linux imasunga nthawi ya UTC pomwe Windows imasunga ya komwe muli, ndipo South Africa ndi Malawi tonse tili patsogolo ndi maola awiri. Ndinazindikira kasitomala atabwera ndi lisiti losonyeza kuti anagula shopu isanatsegulidwe. Mu Mint tsegulani Terminal, lembani timedatectl set-local-rtc 1, kenako konzani wotchi mu Windows kamodzi, basi.

Panopa mbali ya Windows ndinaichotsa pa Wi-Fi, mnyamata wa pa kauntala amangodindira malisiti. Buku la ngongole ndimalikopera pa fulashi Loweruka lililonse ndikamatseka. Amene mwakakamira penapake, jambulani sikirini mutumize muno ndi dzina la laputopu yanu, koma kiyi ya BitLocker ija musaijambule.