ANTHU OPIMA MVULA: NCHITO YAO KU MUNDA NDI KU KOMBONI

Alimi ambiri a kuno kwathu ali ndi ana kapena abale m'makomboni a Lusaka, monga Kanyama, Chawama, George ndi Matero. Mvula imene mlimi aiyembekeza ndi mtima wonse ndiyo imene imawagoneka anthu amenewa ndi mantha. Onse awiri athandizidwa ndi cigawo cimodzi ca Boma, ca za nyengo.

Masiku a Federeshoni nchito imeneyi inali kuyendetsedwa kucokera ku Salisbury. M'caka ca 1967 Zambia inakhazikitsa cigawo cakecake, Zambia Meteorological Department. Maziko a nchito yao ndi kanthu kocepa: citini coikidwa pabwalo, kutali ndi mitengo ndi madenga. M'mawa uliwonse munthu apima madzi ogweramo nalemba m'buku, ku Mount Makulu, ku Msekera pafupi ndi Chipata, ku Petauke, ku Lundazi ndi kwina. Milimita imodzi ndiko kuti lita imodzi ya madzi yagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Mabuku a zaka zambiri aonetsa kuti Lusaka ilandira pafupifupi mamilimita 800 pa caka.

Mvula yotere siyoposa muyeso ai. Cobvuta n'cakuti Kanyama anamangidwa pa cigwa cathyathyathya, pamwamba pa mwala wa laimu, ndipo madzi a pansi ali pafupi. Mvula ikabvumba masiku otsatana madzi asowa kopita. Alowa m'nyumba, adzaza zimbudzi, nasakanizika ndi a m'zitsime. Akulu akumbukira cigumula ca ku Kanyama ca 1978. Kolera ya 2017 ndi ya 2023 inakula ndi dzinja m'makomboni omwewa. Cenjezo la masiku awiri kapena atatu lipatsa munthu mpata wakutsegula ngalande, kukweza ufa pamwamba ndi kuyamba kuphitsa madzi akumwa.

Kwa mlimi mau ofunika ndi aja amene aturuka dzinja lisanayambe. Kuyambira 1997 akatswiri a maiko a kumwera kwa Afirika amasonkhana caka ndi caka kuunika m'mene dzinja lidzakhalira. M'caka ca 2023 anaona kuti madzi a nyanja ya Pacific atentha, cimene acicha El Niño, nacenjeza kuti mvula ingacepe. Zinaterodi. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, pakuti cimanga ca mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi cinali citauma.

Tsono mumvetse bwino: mau a dzinja lonse anena za cigawo cacikuru, sanena za munda wanu. Akati mvula idzacepa, gulani mbeu yoca msanga, ndipo patulani ndime ya mapira, cinangwa kapena nyemba. Koma tsiku lakubzyala musalisankhe ndi mau amenewo. Mverani za nyengo pa wailesi tsiku ndi tsiku, funsani mlangizi wa malimidwe za lipoti la masiku khumi, ndipo kumbani ndi khasu muone ngati cinyontho calowadi pansi. Mvula ya cizimalupsa yanyenga ambiri, mbeu nkupserera m'nthaka.