Phunziro: Kodi Lipoti la Msewu Woonongeka Limayenda Bwanji?

Ophunzira athu, makolo ndi akuluakulu a komiti ya mzikiti, tonse timaudziwa msewu wochoka pa boma la Rumphi kudzera ku Bolero, kufika pa chipata cha Thazima, kenaka makilomita pafupifupi 60 kukwera mpaka kuno ku Chelinda. Mvula ikalimba, kalavati imodzi ikatsekeka madzi amadula msewu, ndipo wodwala, ufa ndi mabuku zimachedwa kufika. Phunziro la lero likuunika momwe uthenga wa msewu woonongeka umafikira kwa woukonza.

Mapulogalamu operekera malipoti

M'chaka cha 2007, bungwe la mySociety ku Britain lidayambitsa pulogalamu yotchedwa FixMyStreet. Munthu akaona dzenje mumsewu amalijambula ndi foni, amaloza malowo pa mapu, ndipo amalemba mawu ochepa ofotokoza vutolo. Pulogalamuyo imazindikira khonsolo yoyang'anira malowo n'kutumiza lipoti komweko. Lipotilo limaonekera kwa aliyense, choncho anthu amadziwa tsiku limene lidaperekedwa komanso ngati ntchito yagwiridwa. Dziko la Norway lidatengera nzeruyi mu 2011.

Mzinda wa Boston ku America udayesa njira ina yotchedwa Street Bump. Foni ikakhala m'galimoto imamva kugwedezeka, ndipo GPS imalemba malo amene galimotoyo yagunda dzenje. Koma njirayi ili ndi pobowoka: madera a anthu okhala ndi galimoto ndi mafoni apamwamba ndiwo amamveka kwambiri, pomwe madera a osauka amaoneka ngati alibe vuto. Ife okhala kumene netiweki imavuta tiyenera kuimvetsa bwino mfundo imeneyi. Malo amene sakutuluka malipoti sikuti msewu wake uli bwino.

Nanga kuno kwathu?

Malamulo a mu 2006 adakhazikitsa mabungwe awiri. Roads Authority imakonza misewu ikuluikulu ya dziko, pomwe Roads Fund Administration imasonkhanitsa ndalama zake, makamaka kuchokera pa msonkho wa mafuta a galimoto ndi zipata zolipiritsa monga za Chingeni ndi Kalinyeke pa msewu wa M1. Misewu ing'onoing'ono ya kumidzi nkhani zake zimadzera ku VDC ndi ADC mpaka ku khonsolo ya Rumphi. Ya m'kati mwa paki ya Nyika timayamba tauza akuluakulu a paki. Lipoti likapita ku ofesi yolakwika limangogona pa tebulo.

Lipoti labwino

Lipoti labwino limafuna zinthu zinayi, ndipo tingazilembe ngakhale m'kope wamba. Choyamba ndi malo enieni: dzina la mudzi, mtsinje kapena mtunda wake kuchokera pa Thazima. Chachiwiri ndi mtundu wa vuto: dzenje, ngalande yokwiririka, kapena mlatho wothyoka matabwa. Chachitatu ndi kukula kwake poyeza ndi mapazi kapena ndodo, pamodzi ndi chithunzi ngati foni ilipo. Chachinayi ndi tsiku. Musakokomeze. Amene wanena kuti mlatho wagwa pomwe lathyoka ndi thabwa limodzi, mawa akadzanena zoona sadzamumvera.

Ntchito ya ophunzira

1. Tchulani ntchito ya Roads Authority ndi ya Roads Fund Administration.
2. N'chifukwa chiyani pulogalamu ngati Street Bump ingaiwale anthu osauka?
3. Funsani kholo kapena dalaivala malo amodzi ovuta pa msewu wathu, ndipo lembani lipoti lokhala ndi zinthu zinayi zija.

Makolo, chonde athandizeni ana pa funso lachitatu. Tikupempha akuluakulu a komiti kuti malipoti olembedwa bwino adzawasonkhanitse pamodzi ndi kuwapereka ku ofesi zoyenera mvula isanayambe, pakuti kutsegula ngalande mu Okutobala n'kotchipa kusiyana ndi kumanga msewu wokokoloka mu Febuluwale.